Timbale Tiwiri ta Mabatani

Lolemba

Ndapeza njira!

Ndiyambe ndi pamene nkhani yayambira, ndingaiwale. Lamulungu likudzali, tikaweruka kutchalitchi, ba sebele anga ba Nakamba akubwera kuchokera ku Matero ndi azilamu awo awiri, kudzakamba za mdzukulu wanga Lukundo. Mawu awo anafika kale kudzera mwa mwana wawo, amene anakwatira Misozi wanga: "Kwathu kulibe vinthu ivi. Ni magazi ya kwa amake. Mwana mumupeleke ku Katete, akankhale ku munzi."

Ku Katete! Mtsikana wa zaka zisanu ndi chimodzi, amene sagona ngati sanagwire thumba langa la tizidutswa ta nsalu. Amene chiyambire kukwawa amakhala pansi pa makina anga osokera muno mu komboni ya Mtendere, kuyang'ana gudumu likuzungulira. Muno sachoka. Ndalemba.

Lero ine ndi Misozi tapita naye kwa adokotala a ana kuchipatala chachikulu. Mayi wochepa thupi, woleza mtima. Dzina la vutoli anatiuza kale chaka chatha: otizimu, vuto la kakulidwe ka ubongo wa mwana. Lero ndalimba mtima, ndafunsa ndi timawu tanga tapansiti: kodi zimachokera kwa yani?

Zimene ndagwira:
— si ufiti
— si katemera
— si kuti Misozi anadya chinachake ali ndi pakati
— mbali yaikulu ndi timbewu ting'onoting'ono ta m'thupi, tomwe mwana amatengera kwa makolo
— si kambewu kamodzi ayi, toganiziridwa ndi tambirimbiri

Nanga akatswiri amatani? Apa ndiye pokoma. Akuti sakhulupirira mboni imodzi. Amasonkhanitsa maumboni ochokera kosiyanasiyana: magazi a mabanja ambiri, zimene amaona mu ubongo, ngakhale mbewa zimene amaweta m'nyumba zawo zoyesera zinthu. Kambewu kotchulidwa ndi mboni zambiri zosapangana amakaika kutsogolo kwa mzere. Kotchulidwa kamodzi kokha, kumbuyo.

Mbewa kukhala mboni! Kwathu mboni zotere timaziwamba ndi mchere.

Adokotala anenanso china chake kumapeto, koma Lukundo anali atayamba kukuwa "Tauni! Tauni! Umozi chabe!" monga anyamata a pasiteshoni ya mabasi, ndipo ine ndinali nditamva kale zimene ndimafuna.

Madzulo ano ndatenga timbale tiwiri. Kobiriwira ka pulasitiki, banja la ku Matero. Koyera kachitsulo, ife. Chitini changa cha mabatani pakati. Malamulo:
1. Mboni ikanena za wachibale wofanana ndi Lukundo, batani limodzi m'kambale ka banja lakelo.
2. Woona ndi maso, batani lalikulu la jekete. Wongomva, laling'ono la shati.
3. Mboni zisapangane.
4. Kukondera ayi.

Ndaimbira achimwene ku Katete kuwauza kuti wina aliyense akafunsa, kwathu kulibe. Uku si kukondera. Ndi kukonzekera.

Lamulungu ba sebele adzadzionera okha kuti magazi ndi a yani.

Lachiwiri

Mboni yoyamba ili m'nyumba mwanga momwe, imadya ndiwo zanga: mkamwini.

Chovuta n'chakuti ine ndi iye sitikambirana maso ndi maso. Mwambo. Ndiye ndakhala kuchipinda kuseri kwa katani, iye pakhonde akumanga nsapato zake zopitira kukawotcherera zitsulo ku Kalingalinga, Misozi pakati kunyamula mafunso ngati kondakitala wopereka chenji.

Ndayambira patali. Mvula ya kwawo ku Mbala. Kukwera mtengo kwa zitseko. Kenaka: kodi kwanu kunali wina wokonda kukhala yekha?

Ndiye mawu abowola katani osadikira Misozi: "Ba Yotamu, bang'ono bao ba batate. Benze kukonza mawochi pa maketi. Sibenze kupasa moni munthu. Jekete imozi, kuzizile olo kupye."

Eya! Batani la jekete, khwe! m'kobiriwira.

Akuti ba Yotamu ankakumbukira wotchi iliyonse imene anakonzapo, koma nkhope ya mwini wake ayi. Akamva ng'oma ankalowa pansi pa tebulo. Munthu wandevu! Banja linawatumiza kumudzi. Atanena zimenezi mkamwini wadzuka msanga, wapita kuntchito tiyi osamwa.

Ndayamba kuganiza za mkamwini yemweyo. Chikwatirire sanandiyang'anepo m'maso ngakhale kamodzi. Lukundo nayenso sayang'ana munthu m'maso. Mboni ndine, ndaona ndekha. Batani la jekete!

Misozi: "Amai, muli bapongozi bake. Akakuyang'anani m'maso muzakamba ati alibe ulemu."

Zoona. Ndachotsa la jekete, ndaika la shati. Kuchotseratu ayi, chifukwa ulemu wakewo wanyanya.

M'kambale kathu mulibe kanthu. Ndakapukuta ndi nsalu. Kakuwala bwino!

Mashati a yunifomu a ana a mayi wa pagolosale ndasoka, atsala mabatani okha. Akuwafuna Lolemba. Nthawi ilipo.

Lachitatu

Mboni zisapangane, ndiye pafunika za kutali ndi mkamwini. Basi ya kutauni, kenaka ya ku Matero. Dzuwa ngati nsimbi.

Moyang'anana ndi geti la ba sebele muli mayi wina, bana Chanda, ogulitsa vitumbuwa. Ndinawasokerapo diresi la ukwati wa mwana wawo. Ndapita ndi tepi yoyezera m'khosi, kuti woona aziti ndabwerera ntchito. Ndawayeza m'chiuno kawiri popanda chosoka chilichonse. Pakamwa pawo sipafuna kiyi.

Ine ndimafunsa za ba Yotamu. Iwo andipatsa ba sebele eni ake!
— anasiya tchalitchi cha pafupi chifukwa cha masipika, amayenda mtunda kupita kopanda magitala
— njira yawo ya kumsika ndi imodzi. Ikadzaza madzi amabwerera kunyumba, ndiwo osagula
— pa phwando lililonse amakhala panja, pafupi ndi geti
— makapu awo onse zogwirira zimaloza kuchitseko

Bana Chanda: "Mukatembenuzako kapu imozi, sibakamba kanthu. Banyamuka chabe, baibweza, bankhala. Mutembenuze futi muone!"

Ndaluma mlomo kuti ndisaseke mokweza.

Pamsika ndapeza mdala wosoka nsapato amene ankakhala moyandikana ndi ba Yotamu. Wandionetsa wotchi pamkono pake, galasi losweka. "Anakonza ni yeve. Ikali kuyenda." Sadziwana ndi mkamwini, sadziwana ndi bana Chanda. Mboni yeniyeni, ngati ya adokotala. La jekete!

Funso: bana Chanda ndi mboni imodzi, koma anena zinthu zinayi. Batani limodzi kapena anayi? Lamulo loyamba likuti limodzi. Lamulo loyamba ndalikonza m'basi.

Mzere wa oganiziridwa lero:
1. ba Nakamba
2. ba Yotamu
3. mkamwini, chapatali

Ndadzigulira maheu ozizira pasiteshoni. Ndawayenera.

Pofika kunyumba ndapeza Lukundo ali pansi pa makina, chakudya chake osachikhudza chichokereni ine. Sanandiyang'ane. Wangogwira phazi langa ndi manja awiri, waliika pachopondera. Ndaponda makina opanda nsalu mpaka wamaliza mpunga wake.

Ameneyu apite ku Katete? Aiwale!

Lachinayi

Sindidikira Lamulungu. Si bwino kuchititsa manyazi mayi mnzanga pamaso pa azilamu ake. Ndipita lero, tikakambe awiri. Ndi chifundo chabe. Komanso ndikufuna kuona nkhope yawo.

Mabatani a kambale kobiriwira ndamanga m'kampango, kambaleko m'chikwama.

(Ndikulemba m'basi pobwerera, zilembo zikudumpha.)

NDAPAMBANA!

Andilandira ndi tiyi. Makapu m'kabati, zogwirira zonse kuchitseko, monga ananenera bana Chanda! Ndaika kambale patebulo. Ndafotokoza za adokotala, za timbewu, za mboni zosapangana. Za mbewa ndalumpha, anthu a kumpoto amatiseka nazo. Ndiye batani limodzilimodzi, khwe, khwe, ndi mawu anga apansi omwewa. Masipika. Njira ya kumsika. Makapu. Iwo maso kukhoma.

Nditatchula ba Yotamu aika kapu pansi.

"Tinabapeleka ku munzi. Banafa chaka chamene icho. Benze kufunsa chabe mawochi yao."

Atenga batani limodzi, alitembenuzatembenuza. Kenaka: "Kanshi mwana ni wa ise."

Avomera! Ndi pakamwa pawo! Za Katete zatha! Misozi wanga wayera! Ndikadakhala wodziwa nthungululu ndikadaimba muno m'basi. Kondakitala akundiyang'ana chifukwa ndikumwetulira ndekha.

Madzulo.

Pali mawu ena amene ananena pageti pondiperekeza. Ndinawamva, koma mutu unali kuvina. Andibwerera basi itaima pa Kamwala.

"Pa Sondo mumulongele vovala. Kwathu mwana ni wa kwa batate, ng'ombe tinapeleka. Uyu sitizamutaya monga ba Yotamu. Azankhala na ine."

Ndipo ine ndinayankha kuti, "Zikomo, ba sebele." Ndi kuwomba m'manja!

Kwathu kwa Achewa mwana ndi wa kwa mayi. Kwawo ndi wa kwa bambo. Zaka zonsezi nkhani imeneyi sinavutepo, chifukwa iwo ankati magazi ndi athu, ndiye mwana ankangotisiyira. Lero ine, ndi miyendo yanga, ndakwera mabasi awiri kukawatsimikizira kuti mwana ndi wawo. Ndi umboni womanga m'kampango.

Misozi: "Amai, mwachita chani?"

Mkamwini wadya mwakachetechete, maso pansi. Lero sindikudziwa ngati ndi ulemu.

Lachisanu

Sindinagonje. Njira ya adokotala ndi yabwino, yangofuna kumalizidwa. Mlandu sagamula atamva mbali imodzi. Kambale kathu kadzaze basi, kapose kawo, mwana akhale wathu.

Ndaimbira achimwene ku Katete. Kodi kwathu kunali wina wokonda kukhala yekha, wosafuna phokoso?

"Kwathu kulibe."

Ndati achimwene, ndine, nenani zoona.

"Kwathu kulibe, mlongo wanga. Ngakhale abwere apolisi."

Akuganiza kuti ndikuwayesa! Ndalimbana nawo mpaka mayunitsi atha. Ndathamanga kukagula ena. Ndafotokoza zonse kuyambira Lolemba. Aseka mpaka kutsokomola, ndikumva akuitana alamu kuti adzamve nawo. Atatha kuseka, thumba lamasuka:
— amalume a Zakeyo, amene ankadziwa ng'ombe iliyonse ya m'mudzi ndi mayi wake ndi agogo ake, koma pamaliro ankakhala kuseri kwa nkhokwe
— azakhali ena amene moyo wawo wonse ankadyera mbale imodzi, itabooka anaimata ndi phula
— "ndi iweyo"

Ine?

"Unayamba kuyankhula mng'ono wako atayamba kale. Nyemba unkazipatula mitundu usanadye. Tsiku limene anasuntha mphasa yako unalira mpaka nkhuku kulowa. Nanga munthu wabwinobwino amakumbukira tsiku limene mbuzi ya eni ake inabereka?"

Linali Lachiwiri, m'mawa, chaka cha dzombe. Koma si nkhani yake imeneyo.

Zandiwawa. Ine ndine wadongosolo chabe. Komabe mboni yaona ndi maso, ndipo batani ndi batani. La jekete, khwe! m'koyera. Lero ndikadapatsidwa ngakhale dzina la wamisala ndikadalandira, bola mwana akhale.

Malemu amuna anga: mwa mwambo wathu iwo ndi mlendo, sawerengedwa. Koma adokotala anati makolo onse. Loweruka lililonse ankapukuta masipoko a njinga limodzilimodzi, munthu osamuyankha mpaka amalize. Alowe! Mwambo udikire panja.

Mabatani a jekete atha m'chitini. Ndadula achitsulo pa jekete la malemu la ulonda. Ndi olemera bwino.

Kuwerenga kungabweretse mkangano, ndiye ndapita kwa aneba ogulitsa kapenta kukabwereka sikelo. Kobiriwira uku, koyera uku.

Kathu katsika pansi! Kawo m'mwamba, kakulendewera ngati kalibe mawu!

Aneba: "Nanga ivi mugulisa bwanji, pa kilo?"

Misozi akuti kambale kathu n'kachitsulo, kawo n'kapulasitiki, ndiye kathu kakadatsika ngakhale kopanda kanthu. Mwana uyu sukulu inamuwononga.

Lamulungu libwere. Ndakonzeka kachiwiri!

Loweruka

Timbale ndinatiika pamwamba pa makina, ndi kuphimba ndi chitenje. Ndapita kukatunga madzi, pampopi mzere wautali.

Pobwera.

Chitenje pansi. Timbale tiwiri pansi, topanda kanthu, kena mkati mwa kanzake. Chitini chopanda kanthu.

Mabatani onse ali pasimenti, pamzere umodzi, kuchokera pakhomo, kudutsa pakati pa chipinda chochezera, kukhota pa mwendo wa tebulo, mpaka pansi pa makina. Lukundo wayambira aakulu kutsikira aang'ono. Achitsulo a malemu kutsogolo. Ba Yotamu ali pambali pa amalume a Zakeyo. Ine ndili pakati pa makapu a ba sebele ndi masipika awo. Mkamwini kumapeto kwenikweni, pamodzi ndi mabatani a mashati a mayi wa pagolosale, amene alibe mlandu uliwonse.

Mzere wowongoka kuposa msoko wanga.

Lililonse ndikulidziwa mwini wake, ndikhoza kuwabweza. Ndawerama, ndatola limodzi lokha. Kukuwa kwa Lukundo! Manja kumakutu, mutu kugubuduza. Aneba atulukira pampanda. Ndalibweza pamalo pake. Walisuntha pang'ono ndi chala, chifukwa ndinalibweza mokhota. Chete.

Ndayesa kumunyengerera ndi mkati mwa bansi, umene amaukonda. Wadya, mzere akuulondera. Ndayesa pamene amasamba. Anamva khwe ali m'bafa. Watuluka ndi sopo kumutu.

Umboni wa sabata yonse uli pansi ndipo woweruza salola apilo.

Misozi, akulumpha mzere ndi beseni m'manja: "Amai, simunamvele vamene banakamba ba dokota pa last. Banakamba ati vina vichokela uku na uku, visakanizika. Vina viyambila pa mwana eka, osati kuli imwe olo kuli beve. Futi benze kukamba pa tumbeu, osati pa ba sebele banu."

Ndiye chija chinanenedwa nthawi ya "Tauni! Tauni!" n'chimenechi. Akadanena poyamba.

Mkamwini pobwera kuntchito waima pakhomo, wavula nsapato, walumpha mzere ngati akuwoloka ngalande. Osafunsa kanthu.

Zovala za mwana sindinalongedze. Sindilongedza. Ndaphika nkhuku ya mawa, chifukwa alendo ndi alendo ngakhale abwere kudzakulanda.

Lamulungu

Afika tikungovula za kutchalitchi. Ba sebele kutsogolo, azilamu awiri a masuti pambuyo, mmodzi atanyamula chikwama chachikulu chopanda kanthu. Ndachiona chikwamacho, mawu onse amene ndinakonza athawa.

Ndimati tikhale panja, pansi pa mpapaya. Ba sebele alunjika kukhomo. Ndisanawachenjeze aima okha. Ayang'ana pansi. Akweza chitenje pang'ono, alumpha. Azilamu awauza ndi dzanja kuti atsale panja.

Atsatira mzere wonse pang'onopang'ono mpaka pa makina. Agwada, ndi maondo awo aja. Lukundo pansi pa makina, iwo kunja kwake. Palibe wayang'ana mnzake. Moni palibe. Ine ndaima ndi thireyi ya makapu ngati chitsa.

Kenaka ba sebele adula ndi mano batani la pamkono wa bulauzi yawo, aliika pasimenti. Lukundo walitenga, waliyeza ndi ena, walipezera malo pakati penipeni. Wasuntha ena onse kuti likwane.

Mlamu wamkulu ali pazenera: "Mulamu, nthawi. Muvalikeni nsapato mwana, tiyende."

Misozi wabwera ndi nsapato, akulira mwakachetechete. Lukundo waziona, wakumbatira mwendo wa makina.

Ba sebele, osatembenuka: "Musamuchose. Ine nikagona nyumba ina sinigona. Ba Yotamu tinabachosa pa tebulo yao. Uyu asiyeni pa mashini yake."

Chikwama chabwerera chopanda kanthu. Nkhuku yatha yonse. Mwana ali muno.

Ndiye ndapambana. Ndilembe bwino: ndapambana.

Koma.

Posazika, ba sebele: "Ine nizayamba kubwela kuno. Basi yoyamba. Kugona nizagona kwanga."

Ndafunsa mwaulemu kuti masiku ati. Andiyang'ana ngati funsolo n'lachilendo. Masiku onse. Munthu wa njira imodzi ya kumsika akanena kuti masiku onse, ndi masiku onse.

Asankha kale pokhala: mpando wanga wa pazenera, umene ndimakhalapo posokerera mabatani. Mkamwini akuti mawa andiwotcherera wina wachitsulo. Wanena yekha, popanda Misozi pakati, ndipo ndikuganiza kuti anandiyang'ana pang'ono.

Zotsala:
— mashati a mayi wa pagolosale alibe mabatani, mawa ndi Lolemba, ndikagule ena kutauni
— jekete la malemu silitsekekanso
— sikelo ya aneba ndibweze
— kusesa m'chipinda chochezera kwaimitsidwa mpaka woweruza adzalole
— magazi ndi a yani, sindikudziwa. Funsolo ndabwezera akatswiri ndi mbewa zawo

Pamene amatuluka pageti Lukundo wakuwa ali pansi pa makina: "Matero! Matero! Umozi chabe!" Njira yatsopano. Sanainenepo chibadwire.

Ndapita kukabati kuti ndidzipangire tiyi. Makapu anga onse zogwirira zaloza kuchitseko. Anachita nthawi yanji, sindinaone.

Ndatembenuza imodzi kuti iloze kukhoma, monga ndimaikira ine zaka zonsezi.

Lukundo watuluka pansi pa makina, walumpha mzere wake, waibweza. Wabwerera.

Awiri kwa mmodzi. Sikelo sindikufunanso.